Mbuzi Zimene Bakhdur Anabisa

Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, Bakhdur wa m'mudzi wa Birugah ankanamiza anthu ophunzira, ndipo ankawanamiza ndi nkhope ya munthu amene sangabe ngakhale mchere m'nyumba mwake momwe. Bodza lake linali limodzi lokha. Ntchito yake inali yotsogolera alendo ofufuza zithunzi zakale zozokotedwa pamiyala, ndipo akafika nawo pamene chigwa chimakhotera kumanzere, kuseri kwa mtengo wa mabulosi wopsa ndi mphezi, ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Uko kulibe kanthu, bwana, njoka zokhazokha." Njokazo zinkakula chaka ndi chaka. Poyamba zinali zotalika ngati ndodo. Pofika chaka cha khumi zinkameza ana a abulu. Chakumapeto kuno kunali imodzi imene inameza jipi yathunthu, dalaivala n'kutulukira kumchira patapita masiku atatu akuimbabe hutala.

Kuseriko kunalibe njoka. Kunali mwala wakuda bii, waukulu ngati khola la ng'ombe, ndipo pambali yake yoyang'ana kum'mawa panali mbuzi za m'mapiri makumi anayi ndi ziwiri, nyanga zitapindikira mpaka kumchira, zonse zikuthamangira kumtunda. Bambo ake, a Mirbaz, mlenje wotchuka, anamutengera kumeneko ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, anamugwiritsa dzanja pamwalapo, n'kumulumbiritsa zinthu ziwiri: mlendo asadzaonetsedwe, ndipo mkazi asadzapondeko, ngakhale mayi ake omubereka. Paja mbuzi za m'mapiri ndi ziweto za aperi, mizimu yachikazi yokhala pansonga za mapiri, ndipo aperiwo nsanje yawo ndi yoopsa, safuna fungo la mkazi mnzawo. Alenje ankafukiza nthambi za mkungudza pamwalapo asanakwere phiri. Shehe wa mumzikiti ankati zimenezo n'zachikunja. A Mirbaz ankavomera ndi mutu, kuswali pamzere woyamba, m'mawa mwake n'kukafukiza.

Tsopano damu lija anthu akhala akulimva kuyambira ali makanda linali litamangidwa kumunsi, ndipo madzi anali oti amiza chigwa chonse, midzi, minda, mabulosi ndi miyala yomwe. Miyala inayo inali ndi mwayi, chifukwa inali m'mabuku a alendo, uliwonse ndi nambala yake ndi chithunzi chake. Mwala wa a Mirbaz wokha ndi umene unalibe buku, unalibe nambala, unalibe chithunzi. Madzi akauphimba, mbuzi zija zikanatsala m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo mutuwo unali utayamba kale imvi.

Ntchitoyi Bakhdur anaiyamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi monga wogwira ambulera. Mlendo woyamba anali mzungu wamtali amene dzuwa linamuwotcha mpaka anthu anamutcha Tsabola. Dzuwa la kuno limaphika dzira likadali m'mimba mwa nkhuku, ndiye khungu la mzungu ndi chiyani? Tsabola ankakhala pampando wopinda n'kumajambula ndi pensulo: mzere umodzi, kuusa moyo, kufufuta, mzere wina. Pamene iye ankamaliza mbuzi imodzi papepala, mbuzi yeniyeni ikanakhala itabadwa, kukula n'kudyedwa paukwati.

Ndi Tsabolayo amene anazindikira kuti wogwira ambulera wake ali ndi maso m'zala zake. Mizere yambiri inadyedwa kale ndi mchenga wa mphepo, diso silingaione, koma Bakhdur akayendetsa chala pamwala ankati, "Apa pali nyanga. Apa mwendo. Apa munthu wagwira uta, ndipo wakwiya." Anamupatsa choko kuti azidutsa m'mizeremo kuti izioneka. Zaka zisanu ndi chimodzi ankabwera kunyumba atayera ngati wagwera m'thumba la ufa, ndipo ndi m'zaka zimenezo pamene anakwatira Sitara, amene mpaka lero amati anavomera poganiza kuti ndi mwana wa mwini chigayo.

Kenaka kunabwera a mapulasitiki. Awa ataona choko anagwira kumutu. Choko chimawononga mwala! Wachita zimenezi ndani? Bakhdur anayang'ana kuthambo n'kunena kuti mwina ndi abusa. Njira yawo inali yoyala chipulasitiki choonekera pamwala, kuchimata m'mbali, n'kutsatira mizere ndi peni yakuda yosafufutika. Apa m'pamene Bakhdur anasanduka katswiri weniweni: chala cha kumanzere chikutsogola, peni kumanja ikutsatira ngati mwana wa bulu pambuyo pa make. Atachoka iwowo kunafika a makamera, amene anati pulasitiki imanama, chifukwa dzanja limajambula zimene mutu ukufuna. Iwo ankafuna kuwala kodutsa chammbali kuti mizere ikhale ndi mthunzi, choncho anamupatsa galasi lalikulu, ndipo Bakhdur anakhala munthu yekhayo m'chigwa chonse wolamula dzuwa: pita uko, bwera kuno, tsika pang'ono, ima pomwepo. Gulu lililonse linkati lapitalo linali la zitsiru, ndipo iye ankavomera ndi mtima wonse, ngakhale anali munthu yekhayo amene anakhalamo m'magulu onsewo.

Dzuwa silikonda kulamulidwa. Pofika zaka makumi asanu ndi zitatu, Bakhdur anali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Munthu ankamuona ngati chitsa choyenda, ndipo anapatsapo bulu moni kawiri, mwaulemu wonse, mpaka kufunsa za ana kunyumba.

Gulu lomaliza linafika m'chilimwe, litapatsidwa masiku khumi ndi awiri okha. Wotsogolera anali Mehrin, mtsikana wa ku Lahore, wamfupi, woyenda mofulumira ngati wasiya mkaka pamoto. Anabwera ndi mnzake wa pantchito dzina lake Ansar, woyendetsa makina a miyendo itatu ndi mutu wozungulira. Makinawo ankayang'ana mwala kwa mphindi khumi n'kuumeza wonse m'kompyuta, ndi timaenje take tomwe, osaukhudza n'komwe.

Tsiku lachiwiri Bakhdur anachita nawo mpikisano. Panali thanthwe m'mbali mwa mtsinje limene ankalidziwa kuposa mbale yake yodyera. Anati pali mbuzi zisanu ndi ziwiri, galu mmodzi, munthu mmodzi, basi. Ansar anayatsa makina, mutu wake unazungulira ukulira ngati udzudzu, ndipo Mehrin anakuza chithunzi pakompyuta mpaka maso a ng'ala aja anaona. Mbuzi zisanu ndi ziwiri, galu, munthu. Koma pansi pa mimba ya mbuzi yachitatu panali kamwana kakuyamwa, kamene chala cha Bakhdur chinadutsapo zaka zonsezi n'kumakayesa chilema cha mwala.

"Malume, mwakhala chete bwanji?" anatero Mehrin. "Tapambana kodi?"

"Kamwanako kabadwa chaka chino," anatero Bakhdur. "Chaka chatha mbuziyo inali ndi bere."

Anaseka onse, koma iye anabwerera kunyumba mtima uli tsidya lina. Anali ataona ndi maso ake ofookawo kuti chinthu chimenechi chingathe kuwolotsa mbuzi za bambo ake zonse, makumi anayi ndi ziwiri, osanyamula mwala.

M'mawa mwake anakhala pamkeka tiyi wa mchere ali patsogolo pake osamukhudza. Sitara anali akutembenuza chapati pachiwaya.

"Bambo a Nasima, tiyi wanuyo wamera ndere. Mukuganiza za akazi anu a kuphiri aja?"

"Akazi ati?"

"Aja mumawafukizira mkungudza. Mumayesa sindimva fungo m'malaya anu? Zaka zonsezi ndikuchapa utsi wa akazi anzanga, zikomo wake osamva."

"Tsitsani mawu, amake Nasima."

"Nditsitsire ndani? Pafupifupi mudzi wonse wasamukira kale pamtunda, tangotsala ife ndi agalu. Mwala wanuwo sindinauonepo, sindiufunanso. Koma ndiyankheni funso limodzi: aperi anuwo amatha kusambira?"

"Ndinalumbira."

"Munalumbira kuti muubisa kwa alendo. Munalumbiranso kuti muupereka kwa nsomba?"

Bakhdur anazunguza kapu m'manja. "Wotsogolera gululi ndi mkazi."

"Ha, tsoka lanji ili! Zaka makumi atatu Mulungu akukutumizirani amuna, a ndevu, a dazi, ofiira, akuda, inu n'kumawauza za njoka. Lero watopa nanu, wakutumizirani mkazi kuti aone chimene muchite."

Mafupa a bambo ake anali atawasamutsira kale kumanda atsopano pamtunda, choncho masanawo anakwera kukafunsa eni lumbiro. Anakhala pambali pa manda n'kufotokoza zonse, za damu, za makina, za kamwana koyamwa kaja. A Mirbaz, amene ali moyo akatsokomola ankadzutsa mudzi wachitatu, sanayankhe kanthu.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse Bakhdur ankadzuka atatsimikiza kuti lero anena. Ankakonza mawu m'njira, kuwasalaza bwinobwino, koma akafika pagulu lilime linkauma ngati chikopa cha padenga. Tsiku lachisanu ndi chiwiri Mehrin anaima yekha pamtengo wa mabulosi wopsa uja.

"Malume, kandege kathu ka kamera kajambula chimwala chachikulu kuseri uku. Munapitako?"

Mwayi unali umenewu, utabwera wokha ndi miyendo yake. Bakhdur anatsegula pakamwa, ndipo munatuluka njoka. Inatuluka yokha, ngati mmene bulu amakhotera pakhomo pa mbuyake ngakhale wokwerayo ali mtulo. Inali yaitali kuposa kale lonse, ndipo nthawi ino inameza lole ya simenti.

"Ndiye njokayo yalimba m'mimba tsopano," anatero Mehrin akuseka. Anayang'ana pepala lake. Anali ndi miyala mazana atatu yodikira ndi masiku asanu. "Chabwino, tiisiye igaye simenti yake."

Anapitirira. Bakhdur anatsala kumbuyo akudzitukwana m'zilankhulo zitatu.

Ananena tsiku lomaliza, akumanga katundu pajipi. Anamukokera Mehrin pambali n'kutulutsa zonse mpweya umodzi: mwala, mbuzi, bambo ake, lumbiro. Pomaliza anati, "Ndibwerekeni Ansar ndi makina kwa ola limodzi. Mlendo ndi mlendo, tchimo limenelo ndisenza ndekha. Koma inu, mwana wanga, mutsale pamsewu. Musandimvere molakwika."

Mehrin anakhala pansi pamwala.

"Malume, Ansar wapita dzulo ndi lole. Makina ali kutali kumunsi, kuli miyala ina yambirimbiri ikudikira. Ndipo mlatho wa msewu wakale akuumasula lero masana. Tikawoloka sitibwereranso."

"Dzulo?"

"Dzulo. Munatithandiza kukweza ndinu."

Zinali zoona. Mwendo umodzi wa makinawo anaunyamula ndi iye mwini.

Mtsikanayo sanataye nthawi ndi kudandaula. Anatulutsa foni yake, anamusonyeza pokanikiza, n'kumuuza kuti athamange. Bakhdur anathamanga ngati mnyamata wothawa mwini mabulosi, anajambula, anajambula, n'kubwerera thukuta likutsika m'ndevu. Anayang'ana zithunzizo pamodzi. Khumi ndi zisanu zinali za chala chake chachikulu, ndipo ziyenera kunenedwa kuti chalacho chinatuluka bwino kwambiri. Zinayi zinali za thambo. Zotsalazo zinali za mwala ndithu, koma dzuwa linali litakwera kale pamutu, mizere inalibe mthunzi, ndipo chimene chinkaoneka ndi chikopa chakuda chosalala ngati pansi pa mphika.

"Sizingatheke chonchi," anatero Mehrin. "Pakufunika anthu awiri, wina galasi ndi bulangeti lotchingira dzuwa, wina kamera. Inu mumaidziwa ntchitoyi kuposa ine. Kamera yanga ilipo, galasi la pajipi tingathe kumasula. Ola limodzi ndi theka tatha. Tiyeni."

"Ndinu mkazi."

"Ndibwerekeni chipewa chanu ndi malaya. Aperiwo sazindikira."

"Amamva fungo."

"Malume, masiku khumi ndi awiri ndisanasambe bwinobwino. Ndikununkha ngati inu ndendende."

Bakhdur anaseka, ndipo kusekako kunamunyamula mpaka anayenda naye. Anadutsa minda yosiyidwa, ngalande youma, n'kufika pamtengo wa mabulosi. Pamenepo miyendo yake inaima. Sanaiuze kuti iime. Anakankha wakumanja, unakana. Anakankha wakumanzere, unati funsani mnzanga. Pachikhatho chake ankamva kuzizira kwa mwala uja, ndi dzanja lolemera la bambo ake litapsinja pamwamba pake.

Mehrin anayang'ana kanjira kokhotera kumanzere. Akanatha kungoyenda, panalibe womuletsa. Koma anatembenukira kwa iye.

"Ndekha sindipita. Mwalawo ndi wanu. Mukangonena kuti tiyeni, tipita."

Kumsewu dalaivala anaimba hutala. Hutala inaliranso, yaitali, yamwano. Mtsikanayo anadikira mpaka inalira kachisanu, ndipo m'nthawi yonseyo munthu amene pakamwa pake panatuluka njoka zomeza malole analephera kutulutsa liwu limodzi laling'ono la tiyeni.

"Ndilemba kuti pali mwala," anatero Mehrin pomaliza, mawu ali pansi. "Nambala ndiupatsa. Pamalo a chithunzi ndisiya popanda kanthu." Anaika dzanja pamtima. "Tsalani ndi Mulungu, malume."

Jipi inapita. Masanawo mlatho anaumasula.

Patapita milungu iwiri madzi anayamba kukwera. Sanabwere ndi phokoso ayi. Anabwera ngati mlendo waulemu, amene amayamba wakhala pakhomo, mawa pamkeka, mkuja mumupeza wagona pabedi panu atafunda bulangeti lanu. Anayamba ndi mchenga wa m'mbali mwa mtsinje, kenaka thanthwe la kamwana koyamwa lija, kenaka munda wa chimanga wa shehe, amene anati ndi chifuniro cha Mulungu koma anakakolola ndithu chachiwisi chomwe.

Ndi pamene Bakhdur anatsegula bokosi lake lachitsulo. Pansi pa malaya a ukwati panali mpukutu wa chipulasitiki chimene a mapulasitiki aja anasiya zaka makumi awiri zapitazo, ndi mapeni atatu. Sitara anawayesa pachikhatho chake. Awiri anali atafa kalekale. Yachitatu inasiya mzere wakuda wonenepa.

"Iyi ili moyo," anatero. "Koma bambo a Nasima, inu mukaona chimene mukulemba? Munthu wopatsa abulu moni?"

"Bulu ameneyo amafanana ndi achimwene anu. Chala chikaona."

"Nditengeni ndikakhale maso anu."

"Ayi."

"Ndikaima patali, ndizikafuula."

"Mukaima pamabulosi simungaone, mukapitirira mabulosi mwafika."

"Mwamukana mtsikana wophunzira wa ku Lahore, ndiye mwana wa mlimi ngati ine ndine ndani," anatero Sitara, akukulunga chapati m'kansalu. "Pitani kwa akazi anuwo. Mukawauze kuti mnzawo wamkulu akuti aphunzire kusambira."

Amuna a m'mudzi anali onse pamtunda kukanganirana malo a nyumba, ndipo mwana wawo Nasima anakwatiwa kutali. Bakhdur anapita yekha. Anafukiza mkungudza, anapepesa kwa eni mwala, n'kuyala chipulasitiki. Anachimata m'mbali, pamwamba anapsinja ndi miyala, anachikoka mpaka chinagwira ngati chikopa cha ng'oma. Kenaka chala cha kumanzere chinalowa m'nyanga ya mbuzi yoyamba, peni n'kutsatira.

Masiku atatu amenewo anali okoma kuposa onse a moyo wake. Panalibe bwana, panalibe womuuza kuti njira yake ndi ya zitsiru. Maso ake ankangoona kunyezimira kwa pulasitiki pamwamba pa mdima wa mwala, choncho anawatseka n'kusiya manja agwire ntchito. Mbuzi iliyonse ankaimaliza ndi mchira, n'kuitchula nambala mokweza kuti aperi amve kuti sakuba. Dzuwa linkamuwotcha msana mpaka akanatha kuphikirapo chapati. Madzulo chipulasitikicho sankachichotsa, chifukwa aliyense wodziwa ntchitoyi akudziwa kuti ukachotsa usanamalize sichibwereranso pamalo pake, mizere imakwerana, mbuzi imatuluka ndi miyendo isanu ndi itatu. Ankachisiya pomwepo n'kubwerera kunyumba akuimba.

"Zafika zingati?" ankafunsa Sitara.

"Khumi ndi zisanu ndi imodzi."

"Zikutuluka bwino?"

"Zikutuluka zonenepa. Mukaziona mufuna kuzikama."

Tsiku lachiwiri anafika pa makumi atatu ndi imodzi, ndipo popeza makina aja anamuphunzitsa kukayikira zilema za mwala, anafufuza pansi pa mimba iliyonse. Pansi pa mbuzi ya makumi atatu anapeza kamwana, kamiyendo ngati timitengo ta machesi, kamene ngakhale a Mirbaz sanakadziwe. Anakajambula mosamala, mpweya ataugwira. Zinali makumi anayi ndi zitatu tsopano.

Tsiku lachitatu anapeza madzi atafika kale patsinde pa mwala. Anavula nsapato n'kugwira ntchito ataima m'madzi ozizira ochokera kuchipale cha kumapiri, oluma ngati agalu. Pamene ankatseka mchira wa mbuzi yomaliza madziwo anali atafika m'mawondo. Anamasula chipulasitiki, anachipinda mpukutu, anachinyamula pamutu, n'kutuluka osacheuka. Kunyumba anapeza lole yosamutsa anthu omaliza itaima pakhomo, dalaivala akulumbira kuti sadikira ngakhale mfumu ya dziko. Mpukutuwo anaukulunga m'nsalu n'kuumangirira pamwamba pa katundu, pakati pa bedi ndi chitseko chimene Sitara anakana kusiya.

Mudzi watsopano uli pamtunda pouma, nyumba za mabuloko zofanana ngati mazira, mtengo ngakhale umodzi. Mphepo ya kumeneko imachotsa munthu chipewa n'kukachiveka mnzake wa nyumba yachisanu. Sabata yathunthu inatha ndi kumanga khola, kufunafuna potunga madzi, ndi kukangana ndi mnansi za malire. Mpukutu uja unali pamwamba pa bokosi, ndipo Bakhdur ankaugwira akamadutsa. Pofika tsiku lachisanu ndi chitatu anthu ochokera kumphepete kwa madzi anati nsonga ya mtengo wa mabulosi wopsa uja yamira.

M'mawa umenewo mphepo inagona pang'ono. Bakhdur anauza mkazi wake kuti ayale nsalu yoyera pabwalo.

"Ndiye ine ndiloledwa kuziona?" anafunsa Sitara. "Akazi anzanga sakwiya?"

"Lumbiro silinatchule pulasitiki."

"Taonani munthu, nzeru zikumubwerera madzi atadutsa."

Anayala chipulasitikicho pamwamba pa nsalu, m'ngodya n'kupsinja ndi njerwa. Bakhdur anakhala pampando, tiyi m'manja, chifuwa chitatukuka ngati tambala.

"Werengani, amake Nasima. Muyambire kumanzere, pansi. Mokweza, amve ndi a nyumba iyo."

Sitara anagwada. "Imodzi. Iii, nyanga zake! Bambo a Nasima, munajambula ndinu zimenezi? Ziwiri. Zitatu, iyi yacheuka kumbuyo."

"Ikuyang'ana mnzake. Pitirizani."

"Zinayi. Zisanu. Zisanu ndi imodzi." Mawu ake anayamba kuchedwa. "Zisanu ndi ziwiri. Iyi yatuwa pang'ono. Zisanu ndi zitatu." Anaweramira pafupi. "Zisanu ndi zinayi."

Analekera pomwepo.

"Pitirizani. Yakhumi ndi yaikulu ija, yotsogolera."

Sitara anayendetsa maso pachipulasitiki chonsecho, chotalika ngati anthu awiri atagona motsatana. Pambuyo pa mbuzi yachisanu ndi chinayi panali nyanga imodzi, yoyamba yakuda, pakati yotuwa, kumapeto yosaoneka. Kupitirira apo panali nsalu yoyera ikuonekera, mbee, mpaka kungodya. Ananyamula mbali imodzi n'kuipendeketsa padzuwa, mwina peni youma inasiya timikwingwirima. Panali makwinya a zaka makumi awiri za m'bokosi, ndi fumbi.

Mayi ameneyu sanasowepo chonena chibadwire. Amati tsiku lobadwa anadzudzula mzamba kuti manja ake ndi ozizira. Koma apa anangobwezera chipulasitikicho pansalu.

"Amake Nasima?"

"Zatha."

"Zatha bwanji? Kamwana kaja mwakaona? Pansi pa ya makumi atatu."

"Peni inauma, bambo a Nasima. Inauma tsiku loyamba lomwe. Pali zisanu ndi zinayi, ndi nyanga imodzi."

Bakhdur anaika kapu pansi pang'onopang'ono, kusamala kuti asataye tiyi. Anatembenuzira nkhope kumunsi, kumene maso ake ankangoona chinthu chachikulu chotuwa chikunyezimira pamene panali chigwa. Kenaka anaibweza kwa mkazi wake.

"Inu simunapite kusukulu," anatero. "Werenganinso."

Sitara anabwerera kumanzere, pansi, anaika chala pa mbuzi yoyamba, n'kuyambanso mokweza. Anafika pa zisanu ndi zinayi.

"Werenganinso."

Anawerenganso.